Anamuikira Thunthu la Nthochi

Marita ndi Davide, ana anga, mwandiseka zaka zambiri chifukwa cha sutikesi ya makaderno, mabuku anga olembamo, ili pansi pa bedi langa ija. Mumati chiswe chidzayamba kuwawerenga ine ndisanayambe. Tsopano poti ndapuma pa ntchito, ndipo maondo akana zokwera shapa, minibasi zathu zija, ndaitsegula. Ndatha masabata atatu ndikuwerenga, kwinaku ndikuseka ndekha. Chizolowezi cholemba za tsiku lililonse ndinachiyamba ndili mtsikana ku sekondale, ndipo sindinachisiye. Za ubwana wanga mumazidziwa kale. Pano ndikufuna ndikusiyireni za ntchito imene inkandichotsa pakhomo mwezi ndi mwezi, kuti mudziwe kumene amayi anu ankapita ndi chikwama cha sopo chija.

Chaka choyamba, ku Ntengo-Wambalame

Mpingo unandilemba ntchito ya ulangizi wa amayi ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, n'kunditumiza ku Ntengo-Wambalame. Pa tsamba la tsikulo ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndayamba kutumikira, ndipo sindidzatopa mpaka kalekale. Ndinkaganiza kuti ntchito yanga idzakhala yophunzitsa nyimbo ndi kusoka. Abwana anga anali a Dona Selestina, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankayendetsa okha njinga yamoto m'misewu imene amuna ena ankatsika n'kumakankha. Sabata yachitatu anandiuza kuti ndikonzeke, tikupita kunja kwa dziko. Ndinasita chitenje, ndinavala nsapato za ku tchalitchi, ndinauza aliyense woyandikana nane. Kunja kwakeko kunali kungodutsa msewu. Mukudziwa mmene kulili kwathu kuno, mbali ino ya msewu ndi Mozambiki, mbali inayo ndi Malawi, ndipo nkhuku zimatola chakudya konsekonse popanda wozifunsa mapepala.

Tinadinditsa mapepala pa fulontera, pa chipata cha malire paja, tinayenda ndithu, n'kukaima pa chipata cha ndende ina imene sinditchula dzina. M'chipinda cha amayi munali akwathu asanu ndi awiri. Ena anagwidwa akugulitsa mbatatesi opanda mapepala, ena ananyamulira munthu katundu osadziwa za m'kati, wina anamenyana ndi mnzake pamsika mpaka kumuthyola dzino. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ataonapo mbale wake. Achibale ambiri analibe biliyete, chitupa cha unzika chija, ndipo ankaopa kuti akafika pa chipata nawonso awakankhira m'kati. A Dona atangopereka moni wa Chipwitikizi kuti "bon diya", mayi wina anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Ine pofuna kuthandiza ndinayambitsa nyimbo, koma chifukwa cha mantha ndinaiyambira pamwamba kwambiri. Mayi wa dzino uja anandifunsa kuti poti ndayambira padenga, iwo atsika bwanji opanda makwerero. Chipinda chonse chinaseka, ngakhale olira aja, ndipo tinayambanso bwino. Tinaimba mpaka alonda anabwera kudzaima pakhomo n'kumavomera nafe.

Pobwerera, mphepo ya ku Tsangano ikundilasa m'makutu, a Dona anandipatsa malamulo atatu akukuwa kuti ndimve. Usamufunse munthu mlandu wake. Usalonjeze chinthu chimene mulibe m'chikwama mwako. Ndipo chimene wauzidwa m'kati muja chizitsala momwemo. Ndinawalemba onse atatu n'kuwadula mzere kunsi kawiri. M'kaderno ndinawonjezera kuti ndapeza ntchito imene ndinabadwira.

Chaka chachiwiri mpaka chachisanu ndi chimodzi

Zaka zimenezi zinali za kusowa, koma ndikamaziwerenga lero ndimaona kuti ndi zimene ndinasekamo kwambiri. Sopo mmodzi tinkamudula panayi ndi ulusi. Zitenje zakale za amayi a mpingo tinkazichapa, kuzing'amba bwinobwino ndi kuzipinda kuti zikhale nsalu za kumwezi, chifukwa chimenecho ndicho amayi a m'kati ankapempha monong'ona atamaliza kupemphera mokweza. Baibulo linali limodzi, lothothoka chikuto, ndipo linkagona sabata kwa uyu, sabata kwa uyo. Amayi a ku Ntengo-Wambalame ankasonkha nyemba mbale imodziimodzi. Pa chipata pankatilandira mlonda wamkazi, aNambewe, amene ankapisa dzanja m'nyembazo mpaka m'chigongono, n'kumatinyoza kuti ife a ku Mozambiki timabwera ndi Mulungu wa Chipwitikizi koma nyemba zathu zimachedwa kupsa. Anakhala bwenzi langa kufikira lero.

Tinaona msanga kuti kutuluka m'ndende si mapeto a nkhani. Mayi ankafika kwawo, kupeza munda walimidwa ndi wina, mwamuna wakwatira, ndipo sabata isanathe ankapezeka pa kachasu. Ndiye tinayamba gulu la Lachinayi. Tinkakumana kuseri kwa tchalitchi, kuluka zipewa za ubweya zogulitsa nthawi yozizira, kuwerenga Mawu, ndi kuuzana zoona. Aliyense ankabwera ndi botolo limene ankamwera kale. Akatha sabata osamwa, ankaponyamo nyemba imodzi onse tikuona, ife n'kululutira ngati pa ukwati. Akagwa, sitinkataya nyembazo, tinkangodikira Lachinayi lina. Tsiku limene botolo loyamba linadzaza tinaphika nyemba zake n'kudya tonse, ndipo a Dona anavina mpaka mpango unagwa.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, ku Furancungo

Mpingo unandisamutsira ku Furancungo kuti ndikayambitse gulu ngati lomwelo m'dera la Makanga. Inu munali aang'ono, mukukumbukira fumbi lofiira lokha. Ulendo wa kundende unasanduka wa masiku awiri, wodzera ku Angonia, koma ndinapempha kuti asandichotsere.

Sabata yanga yachiwiri anandiitana ku maliro m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri. Womwalirayo anali Felista Zakariya, mayi wa mwana mmodzi, amene ankagula nyemba n'kukagulitsa ku Malawi. Anachoka nthawi ya dzinja osabwereranso. Mchimwene wake anafunsa m'zipatala, ku polisi ndi m'ndende za tsidya, koma dzinalo silinapezeke m'buku lililonse. Kenako anthu anatola chitenje chofanana ndi chake chitakodwa pa mizu, m'mphepete mwa mtsinje umene amalonda amawoloka akamazemba fulontera. Patatha chaka, akuluakulu a banja anati munthu sangakhale wopanda manda. Anachita monga mwa mwambo wathu thupi likasowa: anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'chitenje chija, analiika m'bokosi, ndipo tinakaliika kumanda ndi mapemphero onse. Felistayo ine sindinamuonepo, koma nyimbo ndinatsogolera ndine. Amayi ake, aNaphiri, anakomoka kawiri. Mwana wake Rute, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anagwira nsonga ya chitenje changa kuchokera kunyumba mpaka kumanda, chifukwa bambo ake anali atapita kale ku Tete ndi mkazi wina. Kuyambira pamenepo Rute ankakhala kutsogolo m'kalasi langa la ana Lamulungu lililonse.

Chaka chachisanu ndi chinayi, tsidya

Mwezi wina wozizira aNambewe anandiuza pa chipata kuti abwera amayi anayi osamutsidwa kuchokera ku ndende ya kummwera, onse a ku Malawi konko, koma ndingathe kuwalola kuluka nawo. Tinakhala padzuwa ndi zingwe zathu. Poluka chipewa umayenera kuwerenga mfundo, ndipo anzathu a ku Malawi amawerenga mwa Chingerezi chawo chija, wani, thuu, firii. Pambali panga panakhala mayi wowonda, wa zala zachangu, amene m'buku analembedwa kuti Esinati Banda. Ankawerenga chapansipansi, ndipo ndinamva bwinobwino akuti uu, doyishi, tereshi, mwa Chipwitikizi chathu. Osamuyang'ana ndinangoti, "kwatru." Singano inagwa m'manja mwake. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa ndinadziwa kuti ndapeza wakwathu wobisala. Munthu angasinthe dzina ndi mudzi, koma akamawerenga yekha amabwerera ku sukulu imene anamenyedwerako ndi rula.

Tsiku limenelo anangotola singano n'kupitiriza kuluka. Mwezi wotsatira anandikokera pakona n'kundiuza zonse. Anabadwira kuno ku Mozambiki, anathawa nkhondo ali wakhanda, ndipo ku Malawi anasungidwa ndi banja la a Banda, limene linkamutcha Esinati. Anabwerera ndi makolo ake mtendere utabwera mu 1992, n'kuyamba sukulu kuno ndi dzina lake lenileni. Ambiri a ife obwerera tili ndi mayina awiri otere, la kuno ndi la tsidya, ndipo amalonda amalangizana kuti ukagwidwa uzikhala Mmalawi, poti amati mlandu wa mlendo umalemera. Kaya ndi zoona kaya ayi, iye anakhulupirira. Mwamuna atamusiya anayamba kachasu. Bambo wina anamupatsa thumba loti amunyamulire, nyemba pamwamba, chamba pansi, malipiro ake botolo. Anagamulidwa zaka zisanu. Atatchula dzina la mudzi wake ndi la amayi ake, ndinazindikira kuti ndi Felista Zakariya, amene tinamuikira thunthu la nthochi uja.

Ndinamuuza kuti ndinaimba pa maliro ake. Anaseka. Anafunsa nyimbo zimene tinaimba, amene anaphika, ndiponso ngati kunabwera anthu ambiri. Nditamuuza za nthochi anasekanso mpaka kutsokomola. Ine ndinali nditaimirira kale m'mtima, ndikudziona ndikuthamanga kukauza aNaphiri. Iye anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Ndiye zili bwino, amayi. Ndisiyeni ndikhale wakufa. Rute ali ndi mayi wabwino kumanda. Musakamupatse chidakwa cha m'ndende."

Miyezi isanu ndi iwiri ya chinsinsi

Ndinasunga chinsinsicho. Lamulungu Rute ankandibweretsera nkhani zake, kuti dzino lagweduka, kuti wakhoza masamu, kuti wapita ndi agogo ake kukazula udzu pa manda a amayi ake. Kumapeto kwa mwezi ndinkanyamula nkhani zomwezo kupita nazo tsidya, ndipo Felista ankazimeza ngati madzi. Ankafunsa ngati mwanayo watalika kufika pa phewa langa, ngati akadali ndi mantha ndi abakha. Anayamba kunenepa, anayamba kutsogolera nyimbo, ndipo mawu ake anali okoma kuposa anga. Nditamuyamikira kuti wasiya mowa, anandiyankha kuti wamusiyitsa ndi mpanda wa ndende, osati iye mwini, ndipo tidzaona pa tsiku lotuluka. Chifukwa cha khalidwe labwino anamuchotserako miyezi, tsiku lija linayandikira, ndipo maganizo ake anali oti akatuluka monga Esinati apite m'tauni kukafuna ntchito ya m'nyumba, asadzawolokenso msewu. Mwezi uliwonse ndinkamupempha asinthe maganizo, mwezi uliwonse ankakana mwaulemu. M'makaderno a miyezi imeneyo ndinalembamo tsiku lililonse kuti mawa Mulungu atsegula njira, ndipo ndinkakhulupiriradi.

Kenako aNaphiri anabwera kwathu ndi nkhuku m'manja. Anati agulitsa mbuzi ziwiri, agula simenti, ndipo akamaliza kukolola amanga chiliza pa manda a mwana wawo. Ankafuna kuti ine ndidzatsogolere mwambowo, ndipo Rute, poti tsopano amawerenga bwino, adzawerenge ndime ya m'Baibulo pamaso pa mudzi wonse. Mwanayo anali atayamba kale kuloweza. Ndinalandira nkhukuyo n'kuthokoza.

Mawa lake ndinakwera shapa kupita ku Tsangano kwa a Dona Selestina. Sindinatchule dzina, koma ndinawafotokozera zonse. Anandimvetsera akupukuta njinga yawo. Anati lamulo lija silinaikidwe chifukwa cha mayi mmodzi ayi, linaikidwa chifukwa cha onse amene adzabwere m'mbuyo, ndipo ine ndikatsegula pakamwa panga, amayi makumi adzatseka pawo. Anati ngati chiliza chikundivuta, ndinene kuti ndadwala. Ndinawayankha kuti limenelonso ndi bodza, ndipo ngakhale ine nditajomba, mwana adzaimabe pa nthochi yowola n'kuwerengera mayi wamoyo mawu a akufa. Kenako anati, "Ndiwe wamkulu tsopano, sankha. Koma ukanena, tsidya sudzapitako chaka chathunthu, ndipo ndidzauza amayi a m'kati chifukwa chake." Sanandikalipire. Anandiphikira tiyi n'kundiperekeza pa shapa.

Ndinaona kuti ngati ndiphwanye lamulo, ndisaliphwanye mobisa. Ndinapita kwa Felista kaye. Ndinamuuza za simenti, za mbuzi, ndi za ndime imene Rute akuloweza. Ndinamuuza kuti ndikufuna mawuwo achokere kwa iye, koma akakana, ine ndikanena ndekha chiliza chisanamangidwe. Nkhope yake inasintha. Anati ndinabwera ndi sopo kuti ndigule chinsinsi chake, anati ndine kazitape wovala mpango wa mpingo, ndipo ananditchula mayina ena amene sindinawalembe ngakhale m'kaderno. Anaponya pansi chipewa chimene ankaluka.

"Inu mudzapita kwanu kukagona," anatero. "Amene adzayende m'mudzi muja anthu akuloza ndine."

Ndinamuuza kuti akunena zoona. Ndinatola chipewacho n'kumupatsa aNambewe kuti amusungire.

Nyengo yokolola nyemba

ANaphiri ndinawapeza kumunda akuzula nyemba. Ndinawapempha kuti akhale pansi, anakana, anati dzuwa likupita. Ndiye ndinanena ataimirira, kuti Felista ali moyo, ali m'ndende ku Malawi, ndipo mchimwene wake sanamupeze chifukwa analembetsa dzina la ku ukhanda. Anazulanso mapesi awiri, anawakutumula dothi, anawaika pa mulu. Kenako anakhala pansi pamzere pomwepo.

"Mwamuona ndi maso anu, kapena mwalota?"

"Ndamugwira dzanja, mayi. Kasanu ndi katatu."

"Esinati," anatero chapansipansi. "Dzina limenelo ndinaliiwala ndine." Anafunsa ngati kumeneko kumazizira, ndiponso ngati amawapatsa zofunda. Ndisanamalize kuyankha anadzuka, anamanga chitenje, ndipo mayi wokalamba uja anathamanga kutsika phiri akululutira, ine ndikulephera kuwapeza. Anthu anatuluka m'nyumba poganiza kuti kwabuka moto. Masana amenewo mudzi wonse unasonkhana pakhomo pawo, ena akuimba, ena akukangana kuti ankadziwa kale kuti chitenje chija sichinali cha Felista. Palibe amene anafunsa za mlandu kufikira mawa lake. Atamva, alipo amene anapotoza milomo, sindingabise. Koma mchimwene wake anatenga simenti ya chiliza ija n'kuikira pansi m'chipinda chimene Felista adzagonemo.

A Dona anachita monga ananenera. Chaka chimenecho sindinawoloke, ndipo amayi awiri a m'kati amene ankandiuza zakukhosi sanadzalankhulenso ndi mlangizi aliyense. Mpaka lero ndimawakumbukira, ndipo sindinganene kuti a Dona analakwa. ANaphiri tinawathandiza kupeza chikalata chowolokera, ndipo anapita ndi mlangizi mnzanga. Ulendo woyamba Felista anakana kutuluka. Amayi ake anakhala pa chipata tsiku lonse, n'kusiya mtedza wokazinga. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Ulendo wachitatu aNambewe anandiimbira foni ali pantchito, zimene saloledwa, n'kundiuza kuti ndimvetsere. Ndinamva anthu awiri akulira ndi kulankhula nthawi imodzi. Ndinavina ndekha pabwalo la tchalitchi foni ili kukhutu, mpaka abusa anasuzumira pa zenera. Sabata yomweyo Felista anapita yekha kwa akuluakulu a ndende kukanena dzina lake lenileni ndi dziko lake, kuti akamatuluka adzamuperekeze ku fulontera.

Chaka chakhumi, tsiku lobwera

Tinakamuchingamira ndi amayi a gulu la Lachinayi, shapa yodzaza, ng'oma ili pamiyendo. Anawoloka atanyamula kathumba ka pulasitiki. Anagwada kwa amayi ake, anapereka moni kwa a Dona, ndipo ine anandidutsa ngati mtengo. Zinandipweteka, koma ndinaimba kuposa onse njira yonse.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinayenda bwino kuyambira pamenepo. Felista anabwerera ku kachasu kawiri, ndipo ulendo wachiwiri tinakamutola m'ngalande pamsika. Botolo lake la nyemba linatenga zaka zitatu kuti lidzaze. Kundilankhula kunamutengera zaka ziwiri, ndipo mawu ake oyamba anali oti ndimaluka mokhwefula. Lero ndiye amene amatsogolera gulu la ku Furancungo, ndipo amapita tsidya mwezi ndi mwezi ndi chikwama changa chija. Koma ndikufuna ndikuuzeni za masana a tsiku lobweralo.

Akuluakulu a banja ananena kuti munthu amene anaikidwa m'manda sangalowe m'mudzi manda ake ali otseka. Akulu a mpingo anavomera, bola pakhale pemphero. Ndiye Felista anakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mudzi, amuna n'kupita kukafukula. Sanapeze kanthu koma matabwa ofumbwa ndi ulusi wa chitenje. Anapemphera, anakwirira dzenje, analisalaza. Mchimwene wake anabwera ali fumbi lokhalokha n'kumuuza kuti amudzutsa, koma anali ataola kwambiri. Felista anamuyankha kuti n'chifukwa choti anamugulira bokosi lotchipa. Anthu anaseka mpaka kugwirana, ndipo tinamulowetsa m'mudzi ndi nyimbo.

Rute yekha sanaoneke. Agogo ake anali atamuuza miyezi yambiri m'mbuyomo, ine ndinali nditakhala naye kangapo kumufotokozera, ndipo ankavomera ndi mutu. Koma anzake ku sukulu anamuuza kuti wobwerayo ndi mzukwa, poti iye mwini anaona bokosi likutsitsidwa. Tinamupeza atabisala kuseri kwa nkhokwe. Felista anafuna kudzuka kuti amutsatire, aNaphiri anamugwira phewa kuti akhale. Tinadikira. Nyimbo zinatha, anthu anayamba kuyang'ana pansi, ndipo ndinaona Felista akuyang'ana njira imene tinabwerera. Ndinapemphera m'mtima kuposa tsiku lina lililonse la ntchito yanga.

Patapita nthawi mwanayo anatuluka, koma analowera kukhitchini. Anabwerako ndi mbatatesi yootcha pa mbale, ndipo pamwamba pake anathirapo mchere wodzaza dzanja, woyera ngati ufa. Mayi wina pambali panga anandinong'oneza kuti ana amati mzukwa sudya mchere. Rute anaika mbaleyo pansi patali pang'ono, anaikankha ndi phazi, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu.

Felista anayang'ana mbale, anayang'ana mwana. Anatenga mbatatesi ija osakutumula ngakhale pang'ono, n'kuluma. Tonse tinamva mchere ukukukutika m'mano. Anatafuna, anameza, analumanso. Misozi inkatsika, nkhope itakwinyika, koma anadya yonse, ndipo mchere wotsala m'mbale anaukomba ndi chala n'kunyambita. Kenako anayamba kutsokomola kosalekeza. Amayi awiri anadzuka kuti akatunge madzi, koma Rute anali atathamanga kale, ndipo tinamumva akukankha anthu pa khomo la khitchini.

"Tandipatseni njira, amayi anga akufuna madzi."